Woimba Gitala ndi Mpando wa Utsogoleri

M'mabandi ambiri a mu Africa, munthu amene dzina lake limveka koposa, amenenso alamula anzake, ndiye woimba gitala. Ku Congo kunali Franco Luambo, ku Zambia Alick Nkhata, ku Zimbabwe Oliver Mtukudzi, ndipo ku Malawi kunali Daniel Kachamba wa ku Chileka. Onsewa anali ndi anzawo oimba ng'oma, malipenga kapena zitoliro, koma mpando unagwera wa gitala. Kodi chichititsa zimenezi nchiyani? Nanga nkoyenera kodi kuti munthu alamule anzake chifukwa chakuti zala zake ndi zaluso? Funso loyambalo ndi la nyimbo chabe, koma lachiwirilo likhudzanso mudzi, sukulu, sitolo ndi ponse pamene anthu agwirira ntchito pamodzi.

Zimene gitala ipatsa mwini wake

Choyamba nchakuti gitala isiya pakamwa pa munthu pali pomasuka. Woimba lipenga kapena chitoliro sangathe kutchula mawu, pakuti mpweya wake wonse uli pa ntchito. Woimba ng'oma asunga kugunda kwa nyimbo, koma ng'oma yokha siuza munthu pokweza mawu ndi potsitsa. Gitala ili ndi nsambo 6. Dzanja limodzi lisankha maliwu, linalo lisunga kugunda, ndipo pakamwa patsalira mawu. Motero munthu mmodzi, atakhala pakhonde madzulo, akhoza kupeka nyimbo yonse payekha. M'mawa mwake apita nayo kwa anzake nawauza kuti, "Iwe ulowe apa, iwe uyambe wadikira." Wophunzitsa anzake nyimbo lero sachedwa kusanduka wowalamula mawa.

Chachiwiri nchakuti pa dansi ena onse atchera khutu kwa gitala. Kawirikawiri ndiyo iyamba nyimbo, ndipo oimba pakamwa atengera mawu awo kwa iyo. M'nyimbo za rumba za ku Congo muli chigawo chotchedwa sebene, pamene oimba pakamwa apumula nasiyira magitala bwalo, anthu navina kolimba. Woimba gitala ndiye adziwa pamene chigawo chimenechi chiyambire ndi pamene chithere. Maso a ovina ali pa iye, ndipo dzina lake ndilo atenga popita kwawo.

Chachitatu ndi chuma. Ng'oma isemedwa pamudzi ndi mtengo wa m'thengo, koma gitala igulidwa ndi ndalama. Itatha nkhondo yaikulu ya 1939 mpaka 1945, asilikali obwerera kwawo, ndi amuna ochokera ku migodi ya ku South Africa ndi ku Southern Rhodesia, anabwera ndi magitala ndi mabanjo m'midzi ya Nyasaland. Wobwera nacho chinthu ndiye anali mwini wake, ndipo ofuna kuimba naye anayenera kudza kunyumba kwake. Pamene magitala a magetsi anafika, mtengo unakwera kopambana, popeza anafuna makina okuzira mawu. Kuyambira pamenepo mwini zipangizo anasanduka mwini bandi.

M'chaka cha 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa nyimbo wa ku Austria, anakomana ndi anyamata a kwa Kachamba akuimba mu Blantyre. Donald, mng'onoyo, ankaliza chitoliro mokometsera kwambiri, koma Daniel, mkulu wake, ndiye anagwira gitala naimbanso pakamwa. Ukulu wa kubadwa ndi gitala zinakomana mwa munthu mmodzi, ndipo panalibe wofunsa kuti mtsogoleri ndani.

Mbalule si mwini mzinda

Makolo anali kudziwa kale kuti luso ndi ulamuliro ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa gule wamkulu ng'oma ya mbalule ndiyo itsogolera zinzake, ndipo woiimba ayang'anitsitsa mapazi a wovina kuti ng'oma ndi phazi zigwere pamodzi. Munthu ameneyo alemekezedwa ndithu. Koma bwalo si lake. Mwini mzinda ndi mfumu, ndipo pakabuka mlandu sautengera kwa woimba mbalule. Bandi inasonkhanitsa maudindo awiriwa pa mutu umodzi: wotsogolera nyimbo anakhalanso wosunga ndalama, wolemba anthu ntchito ndi woweruza milandu yawo. Apa mpamene pagona vuto, pakuti kuphunzira nsambo sikuphunzitsa munthu kugawa ndalama mwachilungamo.

Amuna awiri a ku Kinshasa

Mbiri ya amuna awiri a mumzinda wa Kinshasa, umene pa nthawiyo unkatchedwa Léopoldville, ionetsa bwino kusiyana kumeneku. Woyamba ndi Nicolas Kasanda, amene anthu anamutcha Docteur Nico chifukwa cha ukatswiri wake. Iye ankaimba gitala m'bandi ya African Jazz, imene mtsogoleri wake anali Joseph Kabasele, woimba pakamwa. M'chaka cha 1963 Nico anachokamo pamodzi ndi Tabu Ley Rochereau nayambitsa African Fiesta. Pofika 1965 awiriwa anapatukana, ndipo Nico anakhala ndi bandi yakeyake, African Fiesta Sukisa. Nyimbo zake zinali zokoma, ndipo achinyamata a maiko ambiri anaphunzira gitala pomvetsera mbale zake za galamafoni. Koma oimba ake anamchokera, ndipo m'zaka za m'ma 1970 bandiyo inazilala. Iye anamwalira mu 1985. Luso lake palibe alikana kufikira lero, koma luso lokhalo silinasunge anthu pamodzi.

Wachiwiri ndi Franco. Pamene bandi ya OK Jazz inayamba mu 1956, iye anali mnyamata wosakwana zaka 20, ndipo sanali yekha pa utsogoleri. Anzake ena oyamba nawo anachoka mmodzimmodzi, iye natsala, kufikira anakhala mwini wake wa bandiyo. Inakula mpaka kukhala ndi oimba oposa 30, ndipo inaima zaka 33 iye ali moyo. Nayenso anthu ankamchokera, pakuti kumene kuli ndalama mikangano siisowa, koma ena ankabwera m'malo mwawo, ndipo ena ochokawo ankabwereranso. Franco sanaumirire kuti nyimbo zonse zikhale zake. Simaro Lutumba, woimba gitala yothandizira, amene analowa m'bandiyo mu 1961, anapeka nyimbo zambiri zotchuka, ndipo dzina lake linadziwika pa nyimbozo. Simaro anakhala ndi Franco kufikira imfa ya Franco mu 1989. Munthu waluso lotere sakhala zaka 28 pansi pa mnzake ngati sapatsidwa malo.

Amuna onse awiriwa anafika pampando chifukwa cha gitala. Wina mpando unamkhalitsa, wina unampulumuka.

Gawo la mtsogoleri ndi gawo la anzake

Tsono kodi nkulakwa kuti woimba gitala atenge gawo lalikulu la ndalama? Sikulakwa konse ayi. Iye amene anagula zipangizo ndiye alira zikawonongeka. Mvula ikagwa anthu osabwera ku dansi, mwini holo ndi mwini galimoto afuna ndalama zawo kwa iye. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wolandira nkhonyazo ayenera kulandiranso mphotho yake.

Kulakwa kuyamba pamene mtsogoleri aiwala chimene anzake awonjezera. Iye akhoza kuimba yekha pakhonde, koma anthu salipira pakhomo la holo kuti adzamve munthu mmodzi. Chimene chiwavinitsa ndi ng'oma ndi besi, zimene zili kumbuyo kumene maso safikako. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake mtsogoleri wolungama apangana ndi anzake za magawo dansi isanayambe, nawerenga ndalama onse akuona. Mnzake akapeka nyimbo, dzina la wopekayo lilembedwa pa nyimboyo. Wamng'ono akadandaula, amvedwa kufikira atatha mawu ake. Zinthu izi nzazing'ono pozinena, koma mabandi ambiri apasuka chifukwa cha kusowa kwa izo, osati chifukwa cha kusowa nyimbo.

Nawonso otsogoleredwa ali ndi mangawa awo. Woimba ng'oma amene afika mochedwa pophunzira nyimbo, kapena afika ataledzera, alibe pakamwa podandaulira gawo lake. Wofuna kuyambitsa bandi yake achoke poyera, atatsazika, osatenga zipangizo za mwini.

Zomwezi zioneka kutali ndi nyimbo. Mmisiri wodziwa kupala matabwa ayamba shopu nalemba anyamata ntchito. Mlimi wokolola zambiri asankhidwa kukhala wapampando wa kalabu ya alimi. Mphunzitsi wokhoza m'kalasi apatsidwa sukulu kuti aiyang'anire. Onsewa akwezedwa chifukwa cha luso la manja kapena la mutu, monga woimba gitala uja, ndipo nkoyenera kutero, pakuti anthu satsata munthu wosadziwa ntchito. Koma tsiku limene akhala pampando ayamba kuphunzira ntchito yachiwiri, ya kusunga anthu. Pa ntchito imeneyi iye ali ngati wophunzira wa kalasi yoyamba, ndipo aphunzitsi ake ndi omwe aja akhala kumbuyo kwake ndi ng'oma.