Kodi Nyumba Yokonzeka Ndi Yotseka Ponseponse?

Mvula ikaleka m'mwezi wa Epulo, chimanga n'kuyamba kuloŵa m'nkhokwe, tonse timadziŵa kuti chisanu chili pafupi. Pofika Juni ndi Julaye, mphepo ya chiperoni, imene inatenga dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique, imadzetsa nkhungu ndi mvula yamawawa ku Mulanje, Thyolo ndi Blantyre. Motero timamata ming'alu ya makoma, timaunjika nkhuni pakhonde, timachapa mabulangete ndi kusoka majuzi a ana. Zonsezi ndi nzeru.

Komabe tidzifunse: kodi nyumba yokonzeka ndi yotseka ponseponse? Mbaula itiphunzitse. Makala akamayaka m'chipinda chopanda poloŵera mphepo amatulutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndiponso wosanunkha, ndipo banja lonse lingathe kugona tulo tosadzukanso. Kutentha kotsekeredwa kumasanduka imfa.

Mtima nawo uli chimodzimodzi. Poŵerenga mabulangete athu, tiŵerengenso anthu a m'mudzi mwathu: agogo osatha kutola nkhuni, mwana wamasiye wofunda chitenje chokha, mlonda wochezera panja usiku wonse. Chibayo chimalanda msanga makanda ndi okalamba. Nanga bulangete longokhala m'sutikesi pamene mnansi akunjenjemera, tinganene kuti ndi lathudi?

Sitikunena kuti ana athu tiŵasiye pamphepo ayi. Udindo umayambira pakhomo pathu, koma suthera pomwepo. Mbaula tiziitulutsa tisanagone, ndipo mtolo umodzi wa nkhuni tikautule kwa mnzathu. Pajatu akuluakulu anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.