Ndani alemba dzina la monita?

Ngati munaphunzilako pa sukulu ya boma, kaya ku Chawama, ku Matero kapena ku Chipata, mau awa muwadziwa: "Monita, lemba maina a opanga congo." Mphunzitsi akamba ali kale pa citseko. Monita ang'amba pepala pakati pa buku, akhala kutsogolo, ndipo kalasi yonse iyamba kuyang'ana bolopeni yake. Inenso ndinalembedwapo kambili ndili mwana. Nditakhala mphunzitsi ndinayamba kukamba mau omwewo, osadzifunsa kuti pepalalo liphunzitsa ana ciani.

Ndiphunzitsa giledi 6 pa sukulu ina m'komboni muno mu Lusaka. Kucokela mu 2022, pamene boma linayamba maphunzilo aulele kufika giledi 12, kalasi yanga siinacepepo pa ana 80. Desiki ya awili akhalapo anayi. Akandiitana ku ofesi, kapena mnzanga akadwala kuti ndionenso kalasi yake, ndisiya ana okha. Kumenya mwana wa sukulu n'koletsedwa ndi lamulo la maphunzilo la 2011, ndipo ine sindiilila ndodo. Wolembedwa pa pepala anali kusesa kalasi kapena kutola mapepala panja anzake atapita. Ndinali kuona kuti palibe colakwika pamenepo.

Temu yoyamba caka catha monita anali mnyamata wocenjela. Pepala lake linali lalifupi, maina asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo nthawi zambili anali a ana omwewo. Temu yaciwili ndinasankha mtsikana wa zaka 12, wofatsa, wosadziwa kunama. Iye analemba aliyense amene anakamba, ngakhale anyamata akuluakulu a kumbuyo, ngakhale mnzake amene anali kuyenda naye kucokela giledi 1. Patapita milungu itatu anabwela pa tebulo langa m'mawa, maso ali pansi.

"Ba Tica, sinifuna futi kunkala monita."

Ndinacita kumunyengelela kuti afotokoze. Pa Cisanu anyamata awili anamudikilila pafupi ndi kantemba, n'kumuponyela mabuku m'ngalande. Mnzake uja analeka kumulankhula. Kenaka anandiuza cimene kalasi yonse inali kudziwa kupatulapo ine. Kwa monita wakale dzina linali ndi mtengo wake: citumbuwa cimodzi, kapena K1, dzina lafafanizidwa. Maina amene anali kubwelabwela pa pepala anali a ana obwela ku sukulu opanda kalikonse m'thumba. Temu yathunthu ndinali kusesetsa ana cifukwa ca umphawi, ine n'kumaganiza kuti ndilanga congo.

Asanacoke anandifunsa: "Nanga monita akapanga congo, amulemba ni ndani?" Ndinalibe yankho.

Za anyamata aja tinakambilana ndi makolo awo, mabuku tinagula ena. Koma funso la mwanayo linandikhala pamtima. Akulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo ife aphunzitsi tikonda mwambi umenewu tikafuna kulanga. Koma mtengo uongokela kumene dzanja laukankhila. Mwana wa zaka 11 akaona tsiku ndi tsiku kuti wogwila bolopeni agulika, kuti wopanda ndalama ndiye asesa, ndiponso kuti wokamba zoona aponyeledwa mabuku m'matope, waphunzila phunzilo limene sadzaiwala ngakhale ataiwala masamu onse. Akakula n'kumva mau akuti "nicekeleko" pa msewu kapena pa windo la ofesi, sadzadabwa. Anaziona kale m'kalasi, ndipo amene anakonza zonsezo ndine.

Mnzanga wina m'cipinda ca aphunzitsi anandiseka. Anati ana 80 sungawasiye opanda woyang'anila, ndipo mwana wofuna kuwelenga ali ndi ufulu wokhala m'kalasi yacete. Anatinso dziko lifunika anthu osaopa kuulula zoipa, nanga adzaphunzila kuti ngati si ku sukulu? Mfundo zake n'zoona ndipo sindizinyoza. Kwathu m'komboni zoipa zambili zibisika cifukwa aliyense aopa kuchedwa kazitape. Ine ndifuna mwana abwele kudzandiuza ngati mnzake amenyedwa, alandidwa cakudya, kapena ngati pali wamkulu amene amugwila mosayenela.

Koma kuulula kumeneko n'kosiyana ndi pepala la monita. Mwana wodzandiuza kuti mnzake avutitsidwa wadzisankhila yekha, ndipo colinga cake n'cakuti wina apulumuke. Monita sanasankhe. Ine ndinamupatsa mphamvu yoti anzake alangidwe, popanda womufunsa, popanda wolembedwa kudziyankhila, pa mlandu waung'ono ngati kubweleka labala. Mphamvu yotele ikulila ngakhale akuluakulu. Mwana aigulitsa, kapena imupweteka. Ndipo kalasi ikazolowela kuona wolemba maina ngati mdani, tsiku limene padzacitika coipa ceniceni ana adzakhala cete.

Palinso cina cimene cinandicititsa manyazi. Congo cinali kuyamba cifukwa ine kunalibe. Nthawi zina ndinalidi ku ofesi, koma nthawi zina ndinali kutsiliza nkhani ndi anzanga kapena kuyankha foni. Ndinasenzetsa mwana nchito imene boma lindilipila ine, n'kulanga ana ena cifukwa ca mpata umene ndinausiya ndekha.

Tsopano m'kalasi mwanga mulibe pepala la congo. Tinakhala pansi n'kupangana malamulo asanu, ana eni ake n'kuwalemba pa cipepala cacikulu cili pa khoma: fika pa nthawi, imika dzanja usanakambe, usatenge ca mnzako osapempha, usaseke wolakwitsa yankho, siya pamalo pako pali poyela. Umonita uzungulila mlungu ndi mlungu motsatila lejisita, ndipo nchito yake ndi kugawa mabuku, kufuta bolodi ndi kutsegula mawindo. Kusesa ndi kwa onse, gulu lililonse tsiku lake, cifukwa sindifuna mwana akule ndi maganizo akuti tsace ndi cilango ca olakwa.

Ndikatuluka ndisiya nchito pa bolodi, ndipo ndinena mphindi zimene ndidzacedwa. Monita alemba cinthu cimodzi cabe pa kona ya bolodi: nthawi imene ndatuluka ndi nthawi imene ndabwelela. Mlungu woyamba ndinati mphindi 10, ndinabwela patapita 25. Kalasi yonse inali kuyang'ana manambala aja, kenaka ine. Ndinapepesa, ndipo pa buleki ndinakhala nawo kutsiliza zimene tinataya.

Sindinganame kuti zonse zili bwino. Kalasi yanga ili ndi congo kuposa kale, ndipo mnzanga wa kalasi yoyandikana nayo wadandaulapo kawili. Masiku ena ndikafika pa citseko mau akale aja afika pakamwa. Cimene candiletsa ndi cakuti caka cino ana atatu abwela okha kudzandiuza zinthu zimene kale sakananena, ndipo cimodzi cinali cacikulu ndithu.

Inu makolo, ndi inu acikulile amene mulela ang'ono anu, mwana akabwela mocedwa n'kunena kuti anamulemba, musathamangile kukalipa. Mufunseni amene analemba, cimene iye anacita, ndiponso kumene mphunzitsi anali. Ndipo mwana wanu akasankhidwa kukhala monita, musangosangalala. Mufunseni ngati anzake akali kuyenda naye pobwelela kunyumba.

Mtsikana uja ali giledi 7 tsopano, akonzekela mayeso. Tikakumana pa khonde andipatsa moni mwaulemu, ndipo ndamuonapo akuseka ndi anzake atsopano. Koma iye ndi mnzake wa giledi 1 uja sanayanjanenso.