Kukatani?

Ulendo wake ndinaujambula kuseri kwa kalendala ya chaka chatha. Kunyamuka pa Mangochi boma m'mamawa wa Lachinayi, kupalasa njinga makilomita oposa 60 mpaka ku Monkey Bay, kugona kwa mnzanga. Lachisanu kukweza njinga mu Ilala. Loweruka kutsikira pa Likoma, kupumako pang'ono, kudinditsa pasipoti, kenako kuwoloka pa boti kupita ku Cóbuè, komwe ndi Mozambique kale. Kuchokera pamenepo ndi miyendo yokhayokha: Metangula, chikweza chachitali mpaka ku Lichinga, kulowera kum'mwera kukafika ku Mandimba, kulowanso kwathu pa Chiponde, Namwera, kutsetsereka mapiri a Chowe n'kudzawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi. Masiku 12, njinga ikapanda kundivuta.

Lamulungu lina ndinapita nayo kumudzi kalendala ija, ndili wonyada ngati mwana amene wakhoza mayeso. Amalume anaiyang'ana nthawi yaitali, chala chikutsata mzere wa bolopeni. Kenako anafunsa mawu amodzi okha.

"Kukatani?"

Ndinati kukangoona.

"Kuli maliro?" Ayi. "Wapezako ntchito?" Ayi. "Ukukapikula kanthu?" Ayi, amalume. Anatsitsa mawu kuti amayi asamve: "Kuli mkazi?" Nditakananso anafunsa kuti zonse pamodzi zikhala ndalama zingati. Ndinawauza. Anakhala chete, milomo ikugwedera ngati munthu wowerengera chamumtima, n'kunena kuti, "Amenewotu ndi malata 14, mphwanga." Sanawonjezere kanthu, ndipo panalibe chowonjezera. Tonse awiri tinali titakhala moyang'anizana ndi khitchini ya amayi, ya denga la udzu lomwe limadontha dzinja lililonse.

Kuyambira tsiku limenelo funso lake likundisowetsa tulo. Kodi munthu amene kwawo kudakali zosowa ali ndi ufulu wopita ulendo wosabwera ndi kanthu?

Kuno ku Mangochi mawu oti "kunja" ali ndi tanthauzo limodzi: Joni. Sizinayambe lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Theba, n'kumabwera ndi bulangete, wailesi ndi njinga. Mu 1974 ndege yomwe inanyamula Amalawi ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa maulendowo kwa zaka zingapo, komabe msewu sunamere udzu. Lero ndi mabasi odutsa ku Tete, Zimbabwe mpaka pa Beitbridge, obwerera akukoka ngolo zodzaza mafiriji, masofa ndi matiresi. Nyumba za malata zambiri zomwe mumaziona ku Namwera kapena kwa Makanjira zinamangidwa ndi thukuta la ku Johannesburg ndi Durban. Ulendo kuno timauyeza ndi katundu. Mu 2015, boma litatumiza mabasi kukatenga anthu othawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa, mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anafika ndi jumbo yokha m'manja. Anadikira kuti kude kaye, n'kulowa m'mudzi usiku.

Kale ndinkati kumeneku ndi kukonda chuma, koma ndinasiya kuganiza choncho. Munthu akapita kunja sapita ndi ndalama zake zokha. Wina anagulitsa mbuzi kuti thiransipoti ikwane, mkazi walima yekha munda zaka zitatu, ana akula akumuona bambo wawo pa WhatsApp. Onsewa anasonkha, ndiye akamafunsa kuti wabwera ndi chiyani amakhala akufunsa gawo lawo. Inenso anandisonkhera. Fizi yanga ya ku sekondale inkachokera mu usipa womwe amayi ankayanika pa thandala, ndipo chemwali wanga anasiyira Fomu 2 chaka chomwe ndalama zinakwanira mwana mmodzi yekha. Palibe anandilembera ngongole imeneyi papepala, n'chifukwa chake ilibe tsiku lothera. Amalume akamawerengera malata sakundichitira nsanje. Akungondikumbutsa kuti miyendo yomwe ndikufuna kukapalasira ku Mozambique inakula ndi nsima ya anthu ambiri.

Chinandipweteka kwambiri, komabe, si amalume. Loweruka lililonse ndakhala ndikupalasa msewu wa ku Monkey Bay kuti miyendo izolowere. Tsiku lina cha ku Makawa ndinapeza bambo wina akukankha njinga ya matumba atatu a makala, malaya atanyoweratu. Tinapatsana moni. Anayang'ana kaliyala yanga yopanda kanthu, botolo la madzi, nsapato zanga.

"Ulendo wa kuti, achimwene?"

"Aaa, ndikungopalasa basi."

Anaseka mpaka kuimika njinga. "Ndiye poti mukungopalasa, bwanji osandinyamulirako thumba limodzi?"

Ndinaseka nawo, koma yankho ndinalibe, ndipo mpaka pano ndilibe. Njinga zathu zinali zofanana, msewu umodzi, dzuwa limodzi, thukuta lomwelo. Iwo thukutalo amagulitsa kuti ana adye, ine ndikufuna kuligula ndi malata 14. Azungu a zikwama zolendewera m'mbali mwa matayala akamadutsa pamsewu womwewu timangoti ndi azungu, ali ndi zawo. Ine chikhululukiro chimenecho sichindifikira, chifukwa bambo aja akandiyang'ana akuona mwana wa mnzawo amene akusewera ndi khasu lawo.

Pali yankho lina lomwe limabwera msanga, ndipo ndalimva kwa anzanga ambiri a ku koleji: ukati udikire kuti mavuto a kwanu athe, udzafa usanaone chilichonse. Denga likatha kubwera fizi, fizi ikatha feteleza, kenako matenda. Ndiponso ndalama yosunga imasungunuka. Tonse tikukumbuka November 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Zonsezi n'zoona. Vuto lake n'lakuti yankho limeneli limakwana aliyense. Bambo womwera malipiro onse pa bala ana ali ndi njala akhoza kunena mawu omwewa, osasintha ngakhale limodzi. Mfundo yomwe ikhoza kumasula ine ndi iye pamodzi sindikuikhulupirira.

Ndiye ndinayesa kulowera kwina. Ku yunivesite tinaphunzira kuti mawu oti sukulu anachokera ku liwu la Chigiriki, skhole, lomwe linkatanthauza nthawi yopanda ntchito, mpata woti munthu akhale n'kumaganiza. Aristotle ankasiyanitsa zinthu zomwe timachita kuti tipeze zina ndi zomwe timachita chifukwa cha izo zokha, ndipo ankaona kuti zachiwirizi ndizo zapamwamba. Tisaiwale kuti mpata umene ankautamawo unkatheka chifukwa akapolo ndi amayi ankagwira ntchito. Nayenso anali ndi omunyamulira makala. Komabe pali kanthu pamenepa. Amayi ponditumiza kusukulu ankaganiza kuti akundigulira ntchito, koma chomwe anandigulira choyamba ndi mpata, zaka zoti ndikhale pansi osapita kunyanja. Mu mpata umenewo ndi momwe ndinaphunzira kufuna zinthu zosadyedwa, monga kudziwa kuti kuseri kwa mapiri aja kuli chiyani. Sukulu imakupatsa satifiketi pamodzi ndi njala yatsopano, ndipo okulipirira amadziwa za satifiketi yokha.

Komanso tisanamizane kuti kumudzi anthu sachita zopanda phindu. Amalume omwewo amatha masana onse pa bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe anawafunsapo kuti bawo yabweretsa chiyani. Pa ukwati timaphika mpunga woti sitingaumalize. Pa chinamwali mabanja amasokera ana zovala zatsopano ndi ndalama zomwe zikanagula feteleza. Anthu athu amadziwa bwino lomwe kuti moyo si mimba yokha. Kusiyana kwake n'kwakuti bawo siilipiridwa, ndipo ukwati timadyera limodzi. Ulendo wanga ndi wodula, komanso ndi wa munthu mmodzi. Apa ndi pomwe ndinaona mlandu wanga weniweni. Sakundizenga chifukwa chofuna kusangalala. Akundizenga chifukwa chofuna kudya ndekha.

Mlandu umenewo sindingaukane wonse. Chomwe ndingafunse n'chakuti, kodi chilichonse chomwe munthu sangachigawe n'chakuba? Pali zinthu zina zomwe mwachibadwa sizigawika. Tulo sungagonere mnzako. Buku ukawerenga, wawerenga iwe. Kuona nakonso n'chimodzimodzi. Tikati mwana wa wosauka aloledwe zokhazo zomwe zingagawidwe pa mphasa, ndiye kuti tavomera kuti kuona dziko ndi ntchito ya anthu ena, ife yathu ndi kuonedwa.

Mbiri ya Ilala yomwe imanena zimenezi. Sitimayi inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kuyamba kuyenda panyanja mu 1951. Dzina lake inatengera kwa Ilala yoyamba, ya amishoni omwe anafika nayo ku Cape Maclear mu 1875, ndipo iyonso inatchulidwa dera lomwe David Livingstone anamwalira mu 1873. Ku pulayimale tinaloweza kuti Livingstone anafika pa nyanja ino mu 1859. Anali ndi zifukwa zake, za mpingo ndi za malonda, koma chomwe tinaphunzitsidwa kutama ndi kuyenda kwakeko. Za anthu omwe anamuonetsa njira, omwe nyanjayi ankaidziwa kuyambira kale, mayeso sankafunsa. Mpaka lero ukalowa mu Ilala umapeza pamwamba pali alendo a makamera, pansi pali matumba a usipa, ufa, simenti ndi eni ake. Ine thumba langa likundiika pansi, chifukwa chomwe ndikuyendera chikundiika pamwamba. Njinga ikakhala pansi limodzi ndi usipa, za iyo palibe mkangano.

Agogo aakazi okha ndiwo sanafunse kuti kukatani. Amayi awo anachokera tsidya lomwelo, cha ku Massangulo, mudzi womwe uli pa msewu wa pakati pa Lichinga ndi Mandimba. Malire omwe ndikawadinditsire pasipoti anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi mu 1891, anthu a m'mbali mwa nyanja osafunsidwa. Ku Cóbuè ndi ku Metangula amayankhula Chinyanja, ku Mandimba Chiyao chomwechi cha ku Namwera. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, isanathe mu 1992, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno, ambiri wapansi, ndipo agogo anasunga banja lina m'khitchini kwa zaka ziwiri. Nditawauza za ulendowu anangoti, "Ukandionereko ngati phiri lija likadalipo."

Ndivomere kuti ndinakondwa mwachinyengo. Ndinaona kuti chifukwa chija chapezeka: ndikawauza amalume kuti ndikupita kukaona kwa makolo, nkhani itha, mwinanso andipatsa nkhuku ya kamba wa panjira. Ndinagona nalo ganizoli masiku awiri n'kulitaya. Ku Massangulo ndikadutsako, phiri ndikaliona, koma si limene linandichititsa kujambula kalendala ija. Chomwe ndikufuna n'chaching'ono moti n'chochititsa manyazi kuchinena. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikuona dzuwa likutuluka tsidya la nyanja, m'mapiri a mbali ya ku Mozambique. Ndikufuna ndikakhale pa mchenga wa ku Cóbuè madzulo amodzi, ndilione likulowa mbali ya kwathu. Basi. Ndikavala chifukwa chabodza pamwamba pa chimenechi, ndiye kuti ndavomera kuti chenichenicho n'chosaloledwa, ndipo ndikhala ndaba kawiri: ndalama, ndi dzina la agogo.

Zomwe ndachita sizinakondweretse aliyense mokwanira. Ulendo unali wa mu June, ndausunthira ku September. Mphepo ya mwera idzakhala itachepa, kungoti dzuwa lidzakhala litayamba kuluma. Pa ndalama zomwe ndinasunga ndagulapo malata 8, ali kuseri kwa chitseko kwa amalume. Otsalawo ndalonjeza kuti adzakhalapo mvula isanagwe, ndipo ndikudziwa kuti lonjezo lotere limadalira kuti pasadwale munthu. Za malo ogona abwino pa Likoma ndafufuta, matayala atsopano ndagula limodzi lokha, la kumbuyo. Mnzanga wina akuti ndagonja. Chemwali wanga sananene kanthu, anangofunsa ngati ku Lichinga kuli netiweki, ndipo kukhala chete kwakeko kukundilemera kuposa malata onse aja. Sindikunena kuti ndapeza chilungamo. Malata 8 ndi mtengo womwe ndalipira kuti ndithe kukwera sitima osatembenuka kawirikawiri, ndipo bambo a makala aja sanapindulepo kanthu.

Sabata yatha amalume anabwera ku boma kudzagula mankhwala a mbuzi, n'kudzera kwanga. Anaipeza njinga pakhonde. Osapempha, anaitembenuza matayala m'mwamba, n'kuzungulitsa la kutsogolo akuliyang'ana ndi diso limodzi. Anati likuvina, masipoko atatu ndi olefuka, ndipo ndi mabuleki amenewo sindingatsike nawo Chowe wamoyo. Anatulutsa kasipanala m'thumba la jekete n'kukhala pansi. Anagwira pafupifupi ola lathunthu osayankhula. Atamaliza anapukuta manja ndi nyuzipepala.

"Ku Lichinga kumazizira ngati ku Dedza, utenge juzi," anatero. Anafika pa geti, n'kutembenuka. "Ndipo pobwera usalowe m'mudzi chimanjamanja. Ngakhale chitenje chimodzi cha amayi ako, zija amati capulana."

Usiku womwewo ndinatulutsa zonse m'chikwama cha pa kaliyala, pampu, machubu awiri, juzi, poto wamng'ono, kuti ndione ngati zitenje ziwiri zingakwanemo.