Kodi Wopala Moto Ndi Wakuba?

Kwathu kunyanja moto ukazima m'mawa, mwana amatumidwa ndi phale kukapala kwa mnansi. Mnansiyo sataya kanthu. Mafuwa ake amakhalabe otentha, phala lake limapsa pa nthawi yake. Mwina n'chifukwa chake ambirife, tikaona chithunzi chokongola pa Facebook kapena kumva nasheed pa WhatsApp, timangotenga mtima uli m'malo. Timati tangopala moto.

Tiyerekeze mnyamata wa ku Chigumula, m'mbali mwa msewu wochoka ku Limbe kupita ku Thyolo, amene watha masabata atatu akujambula ndi penti ngalawa za ku Mangochi dzuwa likutuluka. Wachitola pa foni, wachiika pa intaneti kuti apeze wogula. Mwezi usanathe, akuchipeza chitadindidwa pa makalendala ogulitsidwa m'misewu ya ku Limbe, dzina lake litadulidwa pakona. Chinsalu chake chikadali m'nyumba, palibe wathyola chitseko. Nanga wabedwa chiyani?

Funsoli si lachibwana, ndipo linawavutapo akatswiri a fiqh. Akale a mazihabu a Hanafi ankati chuma ndi chinthu chogwirika, choti munthu n'kuchisunga. A Shafi'i, amene ambiri a ife kunyanja timatsatira, ankawerengeranso phindu la chinthu ngati chuma. Mu Disembala 1988, bungwe la akatswiri a Chisilamu la International Islamic Fiqh Academy, litakumana ku Kuwait, linagamula kuti umwini wa wolemba ndi wopeka ndi wotetezedwa m'Shariya, ndipo suyenera kuphwanyidwa. Ife tikuona kuti analondola. Wopala moto amapita nawo kukhitchini kwake. Wodinda makalendala wapita ndi ogula a mnyamata uja. Amene akanapereka ndalama ya penti ndi ya sopo kwa mwini luso wakaipereka kwa munthu amene sanagwire burashi ngakhale tsiku limodzi.

Malamulo a dziko akunena zomwezo. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1989, limateteza ntchito kwa moyo wonse wa mwini wake ndi zaka 50 atamwalira, ndipo bungwe la COSOMA, lokhazikitsidwa mu 1992, ndilo limayang'anira zimenezi. Pali mfundo ina imene imasokoneza ngakhale anthu oona mtima: kugula chithunzi sikugula ufulu wochichulukitsa. Mukagula chinsalu, pachikani pabalaza, mupatseni mlamu wanu, chigulitseninso mukafuna. Koma kuchidinda pa malaya kapena pa chikuto cha buku kumafuna chilolezo cha wojambula, chonena kuti ndi makope angati, kwa nthawi yaitali bwanji, pa mtengo wanji. Ojambula athu nawonso ali ndi mlandu wawo pamenepa: amagwirizana pakamwa, kapena ndi "ok" wa pa foni, kenako n'kumalira.

Zimene zimachitika tikanyalanyaza tinaziona kale ndi nyimbo. Kale woyimba ankapita ndi chimbale chake ku sitolo ya O.G. Issa ku Limbe, makaseti n'kufika mpaka ku Nkhotakota ndi ku Makanjira, iye n'kulandira yake. Atabwera obena nyimbo, okhala ndi kompyuta imodzi m'kagolosale, msika umenewo unagwa. Aliyense wa ife anangodzazitsa memori kadi imodzi, ndipo aliyense anadziona wosalakwa.

Komabe pali mawu amene sitingawakankhire kumbali. Wina adzati: kodi chipembedzo sichiletsa kubisa maphunziro? Nanga mwana wa msodzi amene alibe ndalama ya buku afe ndi umbuli chifukwa cha umwini? Pano tikuvomera kuti mpanda wa umwini ukakwera kwambiri umasanduka umbombo, ndipo lamulo lenilenilo limasiya mpata wa kuphunzira ndi kugwiritsa ntchito pawekha. Koma wodinda makalendala uja sankaphunzitsa mwana aliyense, ankasaka phindu. Ndipo ngakhale pamene maphunziro ankaperekedwa ulere, akatswiri a Hadisi sankalola mawu kuyenda opanda dzina. Ankatchula amene anawauza, ndi amene anauza ameneyo, mpaka kugwero. Munthu wofufuta dzina la wojambula pakona ya chithunzi, akanakhala m'masiku a Imam Bukhari, nkhani zake sizikanalandiridwa.

Mwana wopala moto uja, tikakumbukira bwino, sankalowa m'khitchini mwa eni mwakachetechete. Ankaima pakhomo n'kuti odi, mwini moto n'kumuloza chikuni choti atenge. Pa chithunzi cha pa intaneti khomo limenelo lilipo: pansi pake pamakhala dzina, kawirikawiri ndi nambala ya foni, ndipo uthenga wopempha chilolezo sutha ngakhale bandulo ya tsiku limodzi.