Kodi "Ndili M'njira" Ndi Bodza?

Tonse timavomereza kuti bodza ndi loipa. Povuta ndi kulizindikira likakhala pakamwa pathu. Tiyeni tione mawu amene timayankhula tsiku ndi tsiku.

M'mawa mnzathu akatipatsa moni timayankha kuti, "Tadzuka bwino," chonsecho mutu ukuwawa. Kodi tanama? Ayi. Iye akudziwa kuti uwu ndi moni chabe, ndipo akafuna kumva za m'thupi afunsanso. Palibe amene wasocheretsedwa.

Koma taganizani izi. Mnzathu akutidikira pa depoti, waimba foni, ife n'kunena kuti, "Ndili m'njira," pomwe madzi osamba akadali pamoto. Iye akhulupirira, n'kulola minibasi ziwiri kumudutsa. Mawu ndi ochepa, koma tamubera nthawi yake. N'chimodzimodzi "mubwere mawa" wa telala amene nsalu sanaidule n'komwe, kapena "ndibweza mwezi ukatha" tikudziwa kuti malipirowo ali kale ndi ntchito.

Lilipo bodza lina lomwe silituluka pakamwa. Tikugulitsa mbuzi, wogula afunsa ngati imadya bwino. Tivomera, poti imadyadi, koma osatchula kuti yakhala ikutsekula m'mimba sabata yonse. Liwu lililonse ndi loona, komabe munthuyo wapita ndi maganizo olakwika, ndipo n'zimene timafuna.

Choncho muyeso wa kuona mtima si mawu okha. Funso ndi ili: kodi tasiya chiyani mumtima mwa mnzathu, ndipo iye achita chiyani potikhulupirira?

Tivomereze kuti pena pamavuta. Kukagwa maliro, wotumidwa amauza mwana wa malemu amene ali kutali kuti, "Bwerani, mayi adwalika," kuti ayende bwino. M'buku la mayankho ake lomwe linasindikizidwa mu 1908, 'Abdu'l-Bahá anatsutsa bodza kwambiri, komabe sanadzudzule dokotala amene amalimbitsa mtima wodwala pomuuza kuti akupezako bwino. Koma tionetsetse kuti wopindula pamenepa ndi wodwala, osati dokotala. Mabodza athu ambiri amateteza ife eni: manyazi athu, thumba lathu, mbiri yathu. Tisabisale kumbuyo kwa dokotalayo.

Kunena zoona sikutanthauzanso kulalata kapena kuulula zonse za kumtima. Tikhoza kusankha nthawi, tikhoza kufewetsa mawu, tikhoza kunena mwaulemu kuti, "Zimenezo sindingayankhulepo." Kukana kuyankha si kunama, pakuti mnzathu akudziwa kuti sitinamuuze. Ndipo nthawi zambiri choonadi n'chosavuta monga timaopera: "Pepani, ndachedwa, ndinyamuka pakatha mphindi 30." Iye akhoza kukhumudwa pang'ono, koma asankha yekha kudikira kapena kutsogola.

Pomaliza, tikumbukire amene amatimvera. Wangongole akagogoda ife n'kunong'oneza mwana kuti, "Kawauze kuti bambo achokapo," mwanayo waphunzira zimene sadzaiwala. M'mera mpoyamba. Mawa tikamufunsa kumene kwapita chenji, tidzamukwapula chifukwa cha luso lomwe tinamupatsa tokha.

Tisanabalalike, tikambirane: ndi mawu ati amene tinanena sabata ino omwe wina anawadalira pomwe ife tikudziwa kuti ndi opanda pake? Nanga tikanati bwanji kuti tinene zoona popanda kumupweteka?