Mlonda Wobedwa

Mabanja ambiri m'parishi muno ali ndi kompyuta. Kawirikawiri antivirus imene ilimo anaiikamo ndi mnyamata wokonza makompyuta, ataithyola kuti isamafunse ndalama. Kodi pamenepa pali tchimo?

Ena amati palibe, poti kampani yake ili kutali ndipo ndi yolemera. Koma lamulo lachisanu ndi chiwiri silifunsa ngati woberedwayo ndi wolemera kapena wosauka. Alipo anthu amene anakhetsa thukuta popanga pulogalamuyo.

Komanso antivirus ndi mlonda amene amapatsidwa makiyi a zipinda zonse. Imatha kuona zithunzi za ana, makalata a kubanki, ngakhale kaundula wa zopereka amene msungichuma wa mphakati amasunga. Amene anayamba kuithyola sadziwika nkhope, ndipo mbava zimabisadi mavairasi m'mapulogalamu otere. Mkhristu woitsekulira chitseko akuikanso pachiswe zinsinsi za anzake amene sanafunsidwe n'komwe.

Chodabwitsa n'chakuti umphawi sukakamiza munthu kutero. Windows 10 ndi 11 zimabwera kale ndi Microsoft Defender, yosalipiritsa. Akachotsa yobedwayo, Defender imayamba ntchito, bola kompyutayo izilumikizidwa pa intaneti kuti izilandira zatsopano.