Ntchito ya pa kompyuta, thupi lovulala ndi kufunika kwa munthu

Munthu wogwira ntchito za makompyuta akavulala, kawirikawiri sasiyiratu ntchito. Mmisiri womanga nyumba akathyoka mkono amakhala pansi mpaka chikhakha chitachoka, ndipo palibe amene amadabwa. Wolemba mapulogalamu kapena woyang'anira maseva amaoneka ngati angathe kupitiriza, poti laputopu imafika ngakhale pabedi, ndipo foni imalira kaya mwini wake ali ku ofesi kaya ali pamzere wa mafizo kuchipatala. Tsiku lake limakhala losakanikirana: m'mawa kupinda ndi kuongola dzanja monga adalangizira a mafizo, kenaka msonkhano wa pa intaneti, kenaka ola lolemba ndi dzanja limodzi mpaka ululu utamuletsa, usiku uthenga woti makina a kasitomala aima. Moyo woterewu umadzutsa funso lomwe anthu a chipembedzo ndi a nzeru zakuya akhala akulimbana nalo kuyambira kale: kodi kufunika kwa munthu kumachepa pamene zimene angathe kuchita zachepa?

Kuvulala kwake kumabwera m'njira ziwiri. Kwina n'kwadzidzidzi, monga ngozi ya pamsewu, kugwa, kuthyoka fupa kapena kumenyetsa mutu. Kwina kumakula mwakachetechete mu ntchito momwemo: khosi, msana, phewa ndi mfundo ya dzanja zimayamba kuwawa chifukwa chokhala malo amodzi ndi kubwereza kayendedwe kamodzimodzi ka zala kwa maola ambiri. Vuto la dzanja lodziwika kwambiri, carpal tunnel syndrome, limachitika mtsempha wothandiza chala chachikulu ndi zala zoyandikana nacho kumva ukapanikizika m'kampata kopapatiza ka pamfundo ya dzanja, momwe mumadutsanso mitsempha 9 yopinditsa zala. Zoyambitsa zake n'zambiri, kuphatikizapo matenda a shuga, koma kwa munthu amene amadyera pa kiyibodi, dzanzi la m'zala limakhudza chakudya cha banja lonse. Mavuto a mtunduwu sadayambe ndi kompyuta. Dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, adatulutsa buku la matenda obwera ndi ntchito mu 1700, ndipo m'kope lowonjezeredwa la 1713 adatchula zinthu zitatu zopweteka alembi: kukhala pansi kosalekeza, kuyendetsa dzanja mofanana tsiku lonse, ndi kutopetsa maganizo poopa kulakwitsa.

Chinthu choyamba chimene kuvulala kumagwedeza ndi mmene wantchitoyo amadzionera. Ntchito ya pa kompyuta imamuzoloweza munthu kuganiza kuti iye weniweni ndi maganizo ake, thupi n'chongonyamulira mutu basi. Ganizo limeneli lili ndi mbiri. René Descartes, m'buku lake la Meditations la 1641, adasiyanitsa maganizo, chinthu choganiza, ndi thupi, chinthu chotenga malo, ndipo adati n'zosiyana kotheratu. Komabe m'buku lomwelo adavomera kuti ululu, njala ndi ludzu zimaonetsa kuti munthu sakhala m'thupi mwake monga woyendetsa chombo akhalira m'chombo. Woyendetsa amangoona pamene chombo chabooka, koma munthu amamva kuwawa iye mwini. Wolemba mapulogalamu amene sadagone chifukwa cha ululu amazindikira zimenezi popanda buku. Vuto lomwe akadalimasula mu mphindi 20 limamutengera tsiku, amaiwala zimene adalemba dzulo, ndipo amapsa mtima msanga. Amene adamenyetsa mutu amapeza kuti kuwala kwa sikirini kokha kukumuchititsa chizungulire. Chiphunzitso cha m'Baibulo chili pafupi ndi zimene wovulalayu akukumana nazo kusiyana ndi ganizo loti thupi n'chovala chabe: m'buku la Genesis munthu akuumbidwa ndi dothi n'kuuziridwa mpweya, ndipo chiyembekezo cha Akhristu ndi kuuka kwa thupi, osati kulithawa.

Chachiwiri ndi nthawi. Makampani ambiri opanga mapulogalamu amagawa ntchito m'zigawo zazifupi. M'ndondomeko yotchedwa Scrum chigawo chimodzi sichipitirira mwezi, ambiri amasankha masabata awiri, ndipo tsiku lililonse gulu limakumana kwa mphindi 15 kuona pamene ntchito yafika. Oyang'anira maseva amalonjeza makasitomala kuti makina azigwira ntchito 99.9 peresenti ya nthawi, kutanthauza kuti pa chaka chonse asaime kufika maola 9. Munthu wozolowera kuwerengera kotereku amafuna kuchita chimodzimodzi ndi thupi lake, koma thupi lili ndi kayendedwe kakekake. Fupa la pamfundo ya dzanja limafuna pafupifupi masabata 6 m'chikhakha, ndipo limapitiriza kudzikonza mkati kwa miyezi yambiri chikhakha chitachoka. Mtsempha wotumiza mauthenga ukaduka n'kulumikizidwa umamera pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Mitsempha yolumikiza mnofu ndi fupa imachedwa kupola chifukwa magazi amafikamo ochepa. Palibe luntha kapena khama lomwe lingadule masiku amenewa pakati.

Akatswiri a makompyuta okhaokha amadziwa kuti si ntchito iliyonse yomwe ingafulumizidwe. Fred Brooks, amene adatsogolera ntchito ya OS/360 ku IBM, adalemba mu 1975 m'buku la The Mythical Man-Month kuti kuonjezera anthu pa ntchito ya pulogalamu yomwe yachedwa kale kumangoichedwetsa kwambiri. Anthu 17 amene adakumana ku Snowbird m'dera la Utah mu 2001 n'kulemba mfundo za Agile adaikamo yoti liwiro la ntchito likhale loti anthu angathe kulisunga mpaka kalekale. N'zomvetsa chisoni kuti mfundo imeneyi ndi yomwe imaiwalika msanga tsiku lopereka ntchito likayandikira, ndipo wovulala ndi amene amayamba kulipira. Akabwerera pa kiyibodi msanga, kutupa kumayambiranso ndipo masabata omwe amafuna kupulumutsa amasanduka miyezi. Kuthamanga si kufika.

Funso la kufunika kwa munthu limafika povuta pamenepa. Wantchito amene ankadziwika kuti vuto lililonse limathera pa iye tsopano amafika pamsonkhano wa m'mawa wopanda chonena. Manyazi amene amamva ndi aakulu kuposa ululu, ndipo ena amawalimbikitsa ndi malemba. Mawu a Paulo pa 2 Atesalonika 3:10, oti wosafuna kugwira ntchito asadye, amatchulidwa kawirikawiri ngati chikwapu cha aliyense amene sakugwira ntchito. Koma Paulo ankanena za anthu osafuna kugwira ntchito, osati olephera, ndipo iye mwini pa 2 Akorinto 12 adafotokoza za chomusautsa m'thupi chomwe adapempha katatu kuti chichoke koma sichidachoke. Lamulo la Sabata pa Deuteronomo 5 limafikira antchito, alendo ngakhale ziweto, ndipo chifukwa chake ndi chakuti Aisraeli adali akapolo ku Igupto. Kapolo amayesedwa ndi kuchuluka kwa njerwa zomwe waumba, koma mfulu ili ndi tsiku lomwe sipanga kanthu n'kukhalabe munthu wathunthu. Chisilamu chimapereka mpata womwewo mwa njira yake: m'Sura ya Al-Baqarah wodwala amaloledwa kusiya kusala kwa Ramadhani n'kudzabweza masikuwo atachira, ndipo wolephera kuimirira amaswali atakhala pansi kapena atagona. Swala yakeyo siichepa mphamvu.

Papa John Paul II adaika mfundoyi momveka m'kalata yake ya Laborem Exercens: ntchito imalandira ulemu kuchokera kwa munthu woigwirayo, osati munthu kuchokera ku ntchito, ndipo adapatula gawo lonena za ufulu wa anthu aulumali wogwira ntchito molingana ndi mphamvu zawo. Kalatayo idakonzedwa kuti ituluke pa 15 May 1981, koma Papayo adawomberedwa pa 13 May, ndipo idatuluka pa 14 September atachoka m'chipatala. Chikalata chachikulu chonena za ntchito chidachedwa ndi miyezi inayi chifukwa wochilemba adali kuchira bala.

Zimenezi sizitanthauza kuti yankho ndi kungogona. Madokotala a mafupa ndi a mafizo amachenjeza kuti chiwalo chosagwiritsidwa ntchito chimafooka, mfundo zimauma, ndipo fupa lenilenilo limalimba molingana ndi katundu amene likusenza, monga Julius Wolff adafotokozera mu 1892. Chofunika ndi mlingo: katundu wochepa lero, woonjezerako pang'ono sabata yamawa. Benedict wa ku Nursia adaona zomwezi pa moyo wauzimu zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. M'mutu 36 wa malamulo ake a amonke adaika chisamaliro cha odwala patsogolo pa zonse, ndipo m'mutu 48 adalamula kuti ofooka apatsidwe ntchito yoti isawasiye manja lende komanso isawapsinje mpaka kuthawa. Kwa wogwira ntchito za makompyuta, mlingo umenewu ungakhale maola atatu m'malo mwa asanu ndi atatu, kuwerenga ndi kuunika mapulogalamu olembedwa ndi anzake m'malo molemba ake, kapena kuchotsedwa pa mndandanda wa oitanidwa usiku. Ntchito yoyezedwa chonchi imamusunga munthu pakati pa anzake, ndipo imathandiza kuchira.

Chovuta china ndi kudalira ena. Amene adazolowera kuthandiza aliyense muofesi tsopano ayenera kumangiridwa mabatani a malaya, kuperekezedwa kuchipatala ndi kupereka mapasiwedi a maseva kwa mnzake. Richard Stallman, amene adayambitsa ntchito ya GNU, adadwala manja kwambiri m'zaka za m'ma 1990 kotero kuti anthu ena ankamulembera iye akungonena. Kupereka ntchito kwa wina kumaopsa pawiri: mwina iwonongeka, kapena iyenda bwinobwino n'kuonetsa kuti mwini wake sadali wofunika monga ankaganizira. Mantha achiwiriwa ndi amene amabisidwa kwambiri. Koma akatswiri a makompyuta amaona gulu lomwe chidziwitso chonse chili m'mutu mwa munthu mmodzi ngati gulu lomwe lili pangozi. Chiphunzitso cha umunthu, chomwe Amalawi monga Harvey Sindima ndi Augustine Musopole adachilembapo, chimapita patali: munthu amakhala munthu mwa anthu ena, ndipo kulandira chithandizo ndi mbali ya umunthu mofanana ndi kuchipereka. Wodwazika matenda amene amagona pansi m'wodi, ndi anansi obwera kudzazonda, safunsa wodwalayo kuti wamaliza ntchito zingati mwezi uno. Malamulo nawo amavomereza pang'ono mfundoyi. Ku Malawi, lamulo la Employment Act la 2000 limapatsa wantchito amene wakwanitsa chaka masabata 4 a tchuthi cha matenda pa malipiro athunthu ndi masabata 8 pa theka la malipiro. Ambiri a zamakompyuta amagwira ntchito ngati maganyu, kulipidwa akamaliza webusaiti kapena akakonza makina, ndipo iwowa chitetezochi sichiwafikira. Kuwauza kuti apume popanda kufunsa za lendi ndi fizi n'kusawamvetsa.

Latsala funso loti kodi kuvulalako kuli ndi phindu lililonse. Mbiri ili ndi anthu amene moyo wawo udatembenuka ali pamphasa. Ignatius wa ku Loyola adathyoledwa mwendo ndi chipolopolo cha mzinga ku Pamplona mu 1521, ndipo m'miyezi yochira adawerenga za moyo wa Khristu ndi wa oyera mtima, chomwe chidakhala chiyambi cha njira yomwe idabala chipani cha Ajezwiti. Woyandikira kwambiri ntchito ya makompyuta ndi Blaise Pascal. Mu 1642, asanakwane zaka 20, adayamba kupanga makina owerengetsera masamu kuti apeputse ntchito ya bambo ake omwe ankayang'anira misonkho ku Rouen, ndipo chilankhulo cha makompyuta chomwe Niklaus Wirth adatulutsa mu 1970 chidapatsidwa dzina lake. Pascal adali wodwaladwala moyo wake wonse. M'zaka zake zomaliza adalemba pemphero lopempha Mulungu kuti amuphunzitse kugwiritsa ntchito bwino matenda, momwe sadapemphe thanzi kapena matenda koma kuti zonse ziwiri zikhale m'manja mwa Mulungu. Sadasiye ntchito: mu March 1662 adathandiza kukhazikitsa ngolo zonyamula anthu pamtengo umodzi mumzinda wa Paris, ndipo adamwalira mu August chaka chomwecho ali ndi zaka 39.

Zitsanzo zimenezi zimafunika kuzigwira mosamala. N'zosavuta kuzisandutsa katundu wina pamutu pa wodwala, ngati kuti popeza sakutulutsa mapulogalamu ndiye ayenera kutulutsa nzeru, kulapa kapena umboni wokanena kutchalitchi. Kumeneko n'kumuyesanso ndi zokolola, kungosintha sikelo. Buku la Yobu limatsutsa anzake amene ankaumirira kuti tsoka lake lili ndi chifukwa chodziwika, ndipo pa Yohane 9 Yesu adakana kuti khungu la munthu wobadwa wosaona lidabwera ndi tchimo lake kapena la makolo ake. Eliya atatopa mpaka kufuna imfa pa 1 Mafumu 19, choyamba chomwe adalandira chidali tulo, mkate ndi madzi, kawiri konse, mawu a Mulungu asanabwere. Pali miyezi yochira yomwe siphunzitsa kanthu kooneka, ndipo munthu amene wangoipirira sadaiwononge.

Ena sachira kwathunthu. Dzanzi limatsala, msana sulola kukhala pampando kupitirira ola, kapena dzanja silibwereranso pa liwiro lakale. Kwa iwowa kuli zida: makiyibodi ogawika pakati, matebulo okwezeka oti munthu agwire ntchito ataimirira, ndi mapulogalamu omvera mawu monga Dragon ndi Talon, omwe ena amalembera nawo mapulogalamu athunthu osakhudza kiyibodi. Kuphunzira zidazi kumatenga miyezi, ndipo poyamba ntchito imayenda mochedwa kuposa kale. Ena amasamukira ku ntchito yophunzitsa, yoyesa mapulogalamu kapena yotsogolera gulu. Mbali yaikulu ya zomwe zimachitika pambuyo pake ili m'manja mwa olemba ntchito ndi anzake a m'gulu: ngati alola kuti maola asinthe, ngati agula zidazo, ndiponso ngati pogawa ntchito za mwezi wotsatira amuwerengerabe.